Ndinagulitsa Amuna Asanu ndi Anayi pa Khomo la Kapela

Atamandike Yesu Khristu.

Khalani pansi. Musandiwombere m'manja, simunamve kanthu. Dzina langa ndine Benedito, kwathu ndi kuseri kwa phiri la Domwe. A Padiri andiitana kuti ndilankhule nanu inu amene mukuphunzira ukatekisita, musanabalalike kupita m'midzi. Iwo akufuna ndikuuzeni za kuipa kwa kachasu. Ndikuuzani ndithu, koma kachasu anabwera pambuyo. Choyamba ndi ichi: ine ndinagulitsa amuna asanu ndi anayi pa khomo la kapela, tsiku la Lamulungu, buku la mapemphero lili m'manja mwanga.

Inu kumbuyoko amene mukunong'onezana, tsekani pakamwa. Nanenso ndinakhalapo pa benchi ngati limenelo, ndikuseka nkhalamba.

Ndinali katekisita wa mudzi wathu zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkavala kazako wakuda wa mabatani anayi, ndi nsapato, pomwe anzanga ankayenda chapansi. Chipwitikizi ndinkachilankhula mpaka azungu kutembenuka. Kapela yathu tinaimanga ndi zidina, n'kuifolera ndi udzu. Mitengo yonse ya denga anasenza kuchokera kuphiri ndi munthu mmodzi wamapewa aakulu, dzina lake Zakariya, mwamuna wa aNangozo. Sankadziwa kuwerenga, koma pa nyimbo mawu ake ndi amene ankanyamula tonse. Mukanandifunsa nthawi imeneyo kuti mpingo n'chiyani, ndikanakulozerani makoma aja, kenako n'kudziloza ndekha pachifuwa.

Nkhondo ya azungu itangotha, chibalo chinakula. Asipayo, apolisi a boma la Chipwitikizi, ankabwera kudzagwira amuna kuti akakumbe misewu, ena kukadula nzimbe kuchigwa kotentha kuja. Koma kwathu malire ali pafupi. Amuna akangomva kuti asipayo anyamuka ku posito, komwe kunali ofesi ya boma, ankadumpha msewu n'kukakhala kwa abale awo ku Dedza mpaka zinthu zitazizira.

Tsiku lina masana kunabwera sipayo wamkulu, dzina lake Gwaza, atatumidwa ndi a Shefe, mzungu wolamulira ku posito. Anakhala pa khonde panga, n'kuika botolo la vinyu pakati pathu.

"Aphunzitsi, a Shefe atopa," anatero. "Tikafika m'mudzi muno timapeza akazi ndi nkhuku. Amuna amakumana liti onse pamodzi?"

"Sindidziwa," ndinayankha.

"Mukudziwa. Ku posito kukufunika womasulira. Munthu wa Chipwitikizi ngati inu n'kumathera moyo pophunzitsa tiana tamamina? Kumeneko kuli mpando, kuli tebulo, kuli nyumba yamalata."

Mvetsetsani bwino apa. Sanandimenye. Sanandiopseze. Zaka ziwiri zathunthu ndinkanama kuti anandiloza ndi mfuti. Bodza! Ndinafuna mpando uja. Ndinaufuna mpaka malovu kudzadza m'kamwa.

Ndinatumiza mawu kutsidya kwa malire kuti asipayo apita ku Lifidzi ndipo sabwera msanga, choncho amuna onse abwere pa Lamulungu la Kanjedza. Anabwera chifukwa wanena ndi katekisita. Akanakhala wina aliyense sakanakhulupirira. Ndi Gwaza tinapangana kuti ndikayambitsa nyimbo yotsiriza, asipayo atuluke m'chimanga momwe adzabisale. Kapela ija inali ndi khomo limodzi lokha.

Ndinayambitsa nyimbo. Tisanathe ndime yachiwiri, kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Akazi anakuwa, ana anagwa pansi, makanjedza anapondedwapondedwa. Amuna anawamanga m'chiuno ndi chingwe chimodzi ngati mbuzi zopita kumsika. Atatha, Gwaza anabwera kutsogolo n'kundigwira chanza pamaso pa mpingo wonse. Zakariya anaona chanza chimenecho. Sanatukwane. Anangoti, "Aphunzitsi, mwasiyiranji? Malizani nyimbo."

Zotsatira zake sinditaya nazo nthawi. Lamulungu lotsatira ndinaimba chitsulo choitanira anthu mpaka mkono kuwawa, sikunabwere ngakhale galu. A Padiri a nthawi imeneyo atamva, anandichotsa ntchito. Mpando wa ku posito a Shefe anaupereka kwa mphwake wa Gwaza. Pamenepo m'pamene kachasu analowa. Ndinamwera kazako uja. Ndinamwera nsapato, mbuzi, ngakhale mbewu ya mbatata imene mkazi wanga Rozaliya anasunga kuti tidzabzale. Atandifunsa za mbewuyo ndinamumenya ndi mpini wa khasu, ana akuona. Anatenga ana n'kubwerera kwa amayi ake, ndipo anachita bwino.

Tsiku lina ndinapita ku posito ndili chiledzerere, kukakuwa pa khonde la a Shefe kuti andipatse mpando wanga. Anandipatsa mbalamatodya, thabwa lamabowo lija, m'manja monse muwiri mpaka zikhatho kuphulika. Amene ankamenya ndi Gwaza yemweyo. Ndinakhala m'ndende miyezi inayi ndikusenza miyala ya msewu.

Pobwerera ndinapeza amuna asanu ndi atatu abwerako, owonda ngati nkhuni. Zakariya sanabwere. Malungo a kuchigwa anamutenga, ndipo palibe anadziwa pomwe anamukwirira. Denga la kapela linali litagwera m'kati, mbuzi zikugona pa guwa. Ndinkati ndikadutsa pamenepo ndinkanena mumtima kuti, "Mpingo wafa, ndaupha ndine." Ndipo tamverani uchitsiru wake: ngakhale m'mawu amenewo munali kunyada. Ndinkaganizabe kuti popanda Benedito palibe mpingo.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndabwera kudzakuuzani.

Inali nyengo yopalira, chaka chachiwiri chichitikireni zija. Rozaliya anali atabwera yekha kudzabzala chimanga m'munda mwathu mvula yoyamba itagwa, kenako anadwala chifuwa, osathanso kugwira khasu. Udzu unakwera kupitirira chimanga. Ine ndinkauona tsiku ndi tsiku ndikupita kokamwa.

M'mawa wina ndili gone pa khonde, mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo msomali, ndinamva makasu. Ndinamvanso nyimbo ya m'kapela. Ndinadzuka n'kupita kumunda. Ndinapeza anthu ondanda mzere kuyambira kumtunda mpaka kudambo, akupalira. Akazi ambiri, amuna owerengeka. Pakati pa amunawo panali anayi mwa amene ndinawagulitsa. Kutsogolo kwa mzere kunali aNangozo, mkazi wamasiye wa Zakariya, nsalu atamanga m'chiuno.

Mukuganiza kuti ndinagwada n'kulira? Ndinapsa mtima. Chifundo chawo chinandiwotcha kuposa mbalamatodya.

"Tulukani m'munda mwanga!" ndinakuwa. "Wakuitanani ndani? Mwabwera kudzandiseka?"

Nyimbo inaleka. ANangozo anaimika khasu, n'kubwera pang'onopang'ono mpaka kuima pafupi kwambiri, moti anamva fungo langa n'kukwinya nkhope.

"Sitinabwerere inu," anatero. "Ana a Rozaliya adya m'munda uno. Lolemba tinali kwa akhungu a kumtunda, dzulo kwa ine, lero kuno. Timayenda choncho."

"Ndani amayenda choncho?"

"Mpingo."

Ndinaseka mwachipongwe. "Mpingo uti? Pitani mukaone, muli mbuzi."

"Mbuzi zili m'zidina zanu," anayankha. "Ife timakumana pabwalo pa nyumba yanga Lamulungu lililonse. Sitinaphonyepo. Ana timawaphunzitsa zomwe tikukumbukira. Odwala timawayendera. Maliro timaika. Inu mumayesa munanyamula Mulungu m'thumba la kazako?"

Iwo sanathe.

"Ndikuuzeni zoona, bambo Benedito, musadzanamize anthu kuti aNangozo ndi mngelo. Ine ndimakudani. Ndikakuonani mukudzandira mumsewu, ndulu imandikwera mpaka kukhosi. Mwamuna wanga anakusenzerani mitengo pamapewa, inu n'kumupereka pa chingwe. Koma tili ndi vuto. Pakati pathu palibe wodziwa kuwerenga. Zaka ziwiri tikungobwereza zimene zinatsala m'mutu, ndipo zina zayamba kusokonekera."

Anapita pomwe anasiya dengu lawo n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'nsalu. Linali buku la Malembo limene ndinalisiya m'kapela. Analitola denga lisanagwe, n'kumalisunga mumphika wouma kuti chiswe chisalidye. Munthu wosadziwa ngakhale chilembo chimodzi! Ine wodziwa zilembo zonse ndinali nditaliiwala.

"Werengani paja tambala analira," anatero.

Malowo ndinkawadziwa. Ndinaima pamzere wa chimanga n'kuwerenga za Petro, momwe anakanira Ambuye katatu akuwotha moto, tambala n'kulira, iye n'kutuluka kukalira misozi. Anthu anali atatsamira makasu, akumvetsera.

"Pali penanso," anatero aNangozo. "Paja Ambuye atauka anamufunsa katatu."

Ndinapeza, n'kuwerenga momwe Ambuye anamufunsira Petro ngati amawakonda, n'kumupatsa ntchito yodyetsa nkhosa zawo. Powerenga, mtima unayamba kufewa. Ndinati mumtima, "Ndiye kuti ine ndine Petro. Andibwezera ntchito yanga." Ndikhulupirira kuti zinaoneka pankhope, chifukwa aNangozo anandilanda bukulo.

"Musadzinamize," anatero. "Inu si Petro ayi. Petro anakana ndi pakamwa chifukwa cha mantha. Inu munagulitsa. Inu ndinu winayo."

Mwamuna wina anayang'ana kumbali.

"Winayo anadzimangirira," ndinatero ndi mawu osamveka bwino.

"Eya. Nanunso mwayamba kale, kungoti chingwe chanu n'cha m'botolo, chimachedwa. Koma ine ndakhala ndikuganiza za munthu ameneyu zaka ziwiri, chifukwa cha inu. Atazindikira kulakwa kwake anathamangira kwa akuluakulu amene anamugula. Iwo anamukana, monga a ku posito anakukanirani. Kumene sanapite ndi kwa anzake amene ankadya nawo. Sindidziwa akanamutani. Mwina akanamuswa mutu. Koma sanapite. Inu bwerani Lamulungu pabwalo panga. Mudzaime pamaso pa onse, munene ndi pakamwa panu zimene munachita, osachotsapo, osawonjezapo. Zikatero tidzaona."

Anakulunganso buku lija, n'kutola khasu lawo. Nyimbo inayambiranso pomwe inalekera. Ine ndinaima pamenepo ngati chitsa. Kenako mayi wina wokalamba anandiponyera khasu pamapazi osandiyang'ana. Ndinalitola. Ndinasanza kawiri ndisanathe mzere woyamba.

Lamulungu ndinapita. Ndinanena zonse: vinyu, mpando, mawu abodza amene ndinatumiza ku Dedza, nyimbo yotsiriza. Ndinanenanso kuti panalibe mfuti. Nditatha, mmodzi mwa amuna aja, dzina lake Firimino, anadzuka n'kundilavulira kumaso. Anati, "Tsiku limene uyu adzatsegule buku pano, ine ndidzachoka." Ndipo anachokadi. Mpaka lero amayenda mtunda wautali kukapemphera kumudzi wina. Musamuweruze. Ali ndi zipsera kumsana zimene ndinamulembera ine.

Otsalawo anakambirana ine ndili kuseri kwa nkhokwe. Anagamula kuti ndiziwerenga, koma ndisamalalikire, ndisayambitsenso nyimbo, ndipo ndizikhala kumbuyo. Ndikatha kuwerenga ndizibweza buku kwa aNangozo. Ndikabwera ndikununkha mowa, ndibwerere pomwepo.

Kachasu sanandisiye tsiku limodzi. Ndinagwa kawiri. Ulendo woyamba anandibweza pabwalo ana akuona. Ulendo wachiwiri amuna awiri anandipeza m'ngalande, anandinyamula, ananditsira madzi, n'kukhala nane masiku atatu mosinthana mpaka kunjenjemera kutatha. Ndinasiya kudutsa njira ya kwa mayi wotcheza kachasu, ndinkazungulira kudambo ngakhale kuli matope ofika m'mawondo. Anzanga akumowa ndinawauza pamaso kuti asadzapondenso pakhomo panga. A Padiri atabwera kudzachita Misa, ndinagwada n'kuulula. Ntchito sanandibwezere, ndipo sindinaipemphe.

Munda wa Zakariya ndimalima ine, chaka ndi chaka, ndisanagwire wanga. Palibe anandilamula. Kwa Rozaliya ndinapita kasanu kukagwada pamaso pa amalume ake. Anabwerera patatha chaka. Dzanja lake lamanzere silitambasuka bwino mpaka pano, ndipo ndimaliona tsiku lililonse akamasenza mtsuko.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi ichi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkawerenga buku limenelo mokweza mawu, osamva kanthu. Ndinayamba kumva nditakhala kumbuyo, pafupi ndi nkhuku. Ambuye Yesu sanaumbe chidina ngakhale chimodzi. Anaitana anthu, asodzi, okhometsa msonkho, akazi onyozeka, n'kuwafera. Maziko a mpingo ndi Iyeyo, osati katekisita, osati Padiri, osati denga. Akhristu oyamba ankakumana m'nyumba za anzawo, akumvera chiphunzitso cha atumwi, akupemphera, akugawana chakudya kuti pasakhale wogona ndi njala. Nditawerenga pamenepo pabwalo paja, amayi anayang'anana n'kuseka, chifukwa ndi zimene ankachita kale popanda wowauza. Malembo amati ndife thupi limodzi. Ndiye ndiuzeni, ndi dzanja lotani limene limagwira phazi lake n'kulipereka kwa adani? Amanenanso za m'busa waganyu amene amathawa chilombo chikabwera. Ine ndinaposa ameneyo. Sindinathawe. Ndinatsegula khola, n'kuimbira chilombo nyimbo kuti chidziwe nthawi.

Ndipo ndikwiyiranso ena. Ndikwiyira a Shefe onse amene amaona anthu atagwada n'kumawerenga mapewa oti akasenze miyala. Ndikwiyira akuluakulu amene amadziwa kuti zimenezi zikuchitika m'makapela, koma amangoyang'ana kumwamba. Malo amene munthu amabwera wopanda ndodo, atatseka maso, ndi malo oti muzitcherapo msampha? Mpingo ulipo kuti uitane anthu kwa Mulungu, uwadyetse mawu ake, uwasunge amoyo, ndi kutola ogwa ngati ine. Mukausandutsa makwerero anu okwerera ku posito, mudzayankha.

Gwaza anabweranso, patatha zaka zitatu. Anamva kuti ndayambanso kuwerenga. Anakhala pa khonde lomwe lija n'kuti, "Bambo Benedito, tiiwale zakale. Masiku ano mukukumana pati?"

Ndinati, "Nyamukani pakhomo panga."

Anandikwapula ndi chikoti kumaso, chipsera chake ndi ichi. Atangokhota, ndinathamanga nyumba ndi nyumba, ndipo dzuwa lisanalowe amuna onse anali atadumpha msewu. Musandiyese ngwazi. Zimenezo sizinadzutse Zakariya. Ana ake akula opanda bambo, ndipo wamkulu akakumana nane amapatuka.

ANangozo mpaka lero sanandiuze kuti andikhululukira. Moni amayankha ndi mutu. Koma a Padiri akabwera, timagwada pa mzere umodzi kulandira Ukalistia, phewa langa pafupi ndi lawo, ndipo sasuntha. Ine sindipempha zoposa pamenepo.

Tsopano inu. Mawa kapena mkuja mupatsidwa midzi. Anthu adzakukhulupirirani kuposa mfumu, chifukwa mudzalankhula m'dzina la Mulungu. Mudzadziwa amene wabisala, amene wabwera, tsiku limene onse adzakhale pamodzi. Ndipo wina adzakhala pa khonde panu, mwaulemu, ndi botolo. Kwa ena sadzakhala sipayo. Adzakhala mwini sitolo, kapena wolemba anthu a kumigodi, kapena mkazi wa mwini. Aliyense adzafuna kuti mumubwereke chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa inu. Si chanu chimenecho. Simungabwereketse.

Amene mwayamba kale kumwa mobisa, ndakuonani maso. Uzani mnzanu lero, osati mawa. Amene munamenyapo mkazi, musakaime kutsogolo kwa anthu musanakagwade kwa amalume ake.

Pali chinanso. Pobwera m'mawa uno ndinaona sipayo pachipata, akucheza ndi mmodzi wa inu, akuseka, dzanja lili paphewa. Sindikulozani, kuloza anthu ndinasiya. Mwina mumangocheza za mvula. Koma ngati mwavomera kale kanthu, ngati mwatchula kale tsiku, ine ndikakhala pansi pa mkungudza uwo mpaka dzuwa lipendeke. Sindikakuuzani mawu okoma. Tikanyamuka limodzi kukachenjeza anthuwo, ndipo njira yake ndikuidziwa. Lero ndi Lachinayi. Lamulungu silinafike.